Shelefu ya Mabuku Ikayamba Kugwedera

Shelefu ya mabuku yobwera m'katoni sigwedera tsiku lomwe mwailumikiza. Tsiku limenelo imaima njo, yosalala, ikununkhira zatsopano. Vuto limayamba pakapita miyezi. Mukasolola buku pamwamba, shelefu yonse imakutsatirani pang'ono. Mwana akadutsa chothamanga, zithunzi zimene munaimika pamwamba zimanjenjemera. Kenako tsiku lina mutaima pakhomo mumaona kuti yapendekera kumanzere ngati nkhokwe imene mzati wake wadyedwa ndi chiswe.

Zikafika apa, ambiri amathamangira sikuludilaiva n'kuyamba kumanga sikuluwu iliyonse imene aiona. Kugwederako kumaleka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kumabwereranso, ndipo ulendo uno mabowo amakhala atakula chifukwa chomangitsa. Inenso ndinachita zomwezo pamene yanga inayamba kupendekeka titasamuka nyumba. Nditaitana kalipentala wina wachikulire wa m'dera lathu, sanakhudze sikuluwu ngakhale imodzi. Anandiuza kuti nditsitse mabuku onse, anaitembenuza shelefuyo, n'kuyamba kuyendetsa chala m'mphepete mwa thabwa lopyapyala lakumbuyo akuwerenga misomali. Inakwana 8, ndipo itatu mwa iyo inali itazuka.

“Bambo, shelefu yanuyi ilibe msana,” anatero. “Ina ija munaisiya kuti?”

Ina ija inali m'kathumba ka pulasitiki m'dirowa, momwe ndinaiika poganiza kuti ndi yotsala.

Kuti timvetse chifukwa chake timisomali tating'ono chonchi tili ndi ntchito yaikulu, ndi bwino kudziwa kaye kumene mipando yotereyi inachokera. Maganizo otumiza mipando ili zidutswazidutswa ndi akale ndithu. Mu 1859 Michael Thonet, amene kampani yake inali ku Vienna, anatulutsa mpando wotchedwa No. 14, wopangidwa ndi mitengo 6 yopindidwa ndi nthunzi. Unkatumizidwa wosalumikiza, moti mipando 36 inkakwana m'bokosi limodzi lotalika mita imodzi mbali zonse. Koma amene anafikitsa njirayi m'nyumba za anthu wamba padziko lonse ndi kampani ya IKEA ya ku Sweden, imene Ingvar Kamprad anaiyambitsa mu 1943. Nkhani yodziwika ndi yakuti mu 1956 mmodzi wa antchito ake, Gillis Lundgren, anachotsa miyendo ya tebulo kuti likwane m'galimoto, ndipo kampaniyo inaona kuti kunyamula mipando yolumikizalumikiza n'kulipirira mpweya. Lundgren yemweyo ndiye anajambula shelefu ya mabuku yotchedwa Billy, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1979. Yodziwika kwambiri ndi yotalika masentimita 202, mulifupi masentimita 80, ndipo kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita 28 okha. Mashelefu ambiri a m'makatoni amene timawapeza m'masitolo a ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg ndi a makampani ena, koma kapangidwe kake ndi komweko: matabwa awiri oimirira, ena ogona, thabwa lopyapyala kumbuyo, ndi kathumba ka tizitsulo.

Ndanena kuti matabwa, koma mawuwo akusocheretsa pang'ono. Chimene chili pansi pa khungu losalalalo si mlombwa, si mbawa, si paini wa ku Chikangawa. Ndi chipboard, tizipalapasa ta mitengo tosakaniza ndi guluu n'kutipsinja ndi makina otentha. Inayamba kupangidwa mochuluka ku Germany m'zaka za m'ma 1940, nthawi imene matabwa ankasowa chifukwa cha nkhondo. Ena amagwiritsa ntchito MDF, yomwe ndi ya ulusi wa mtengo wosalala kwambiri. Thabwa lenileni lili ndi mitsempha yoyenda kutalika kwake konse, ndipo sikuluwu ikalowa, mitsemphayo imaikumbatira. Chipboard ilibe mitsempha yotero. Kunja kwake n'kolimba, koma m'kati ndi mwa mpwepwe, ndipo sikuluwu ikamagwedezeka uku ndi uku imanyenya tizipalapasa timene timaigwira mpaka bowo litasanduka mphako. N'chifukwa chake shelefu yogwedera siyenera kudikira. Kugwedera kulikonse kumadya bowo, ndipo bowo likadyeka kugwederako kumakula.

Musanakhudze chida chilichonse, tsitsani mabuku onse. Musasiye ngakhale a pansi. Mukatero gwirani shelefuyo pamwamba ndi manja awiri, muikankhe pang'onopang'ono, maso ali pansi. Ngati yonse ikudendekera limodzi, ngodya ina ikunyamuka pamene inzake ikutsika, vuto lili pansi pa nyumba. Ngati miyendo ili phee koma mutu ukupita kumanzere ndi kumanja, vuto lili kumbuyo ndi m'molumikizira. Ngati ikuweramira kutsogolo, ikufunika kumangiriridwa kukhoma. Nthawi zambiri matendawa amabwera awiri kapena onse atatu, koma aliyense ali ndi mankhwala ake, ndipo womanga sikuluwu pamene vuto ndi simenti yapansi wangotaya thukuta.

Msana wa shelefu

Tengani bokosi la machesi, musolole kam'kati kokhala machesi, mutsale ndi chikuto chokha. Chifinyeni pang'ono pangodya ndi zala ziwiri. Chimagona nthawi yomweyo, ngakhale palibe mbali imene yang'ambika. Bwezerani kam'kati kaja mufinyenso. Tsopano chikukana. Shelefu yopanda thabwa lakumbuyo ili ngati chikuto chija: mbali zinayi zolumikizana pangodya zimatha kupendekeka popanda thabwa lililonse kuthyoka. Chimene sichipendekeka ndi chinthu cha ngodya zitatu. Ndiye chifukwa chake omanga amaika mitengo yopingasa m'mathirasi a denga, ndipo chitseko cha matabwa cha kubafa chimakhala ndi thabwa lodutsa chopendekera kuchokera pansi kukafika pamwamba. Felemu ya njinga imanyamula matumba a makala pa chifukwa chomwechi.

Thabwa lakumbuyo kwa shelefu, lomwe nthawi zambiri ndi hadibodi wokhuthala mamilimita atatu okha, limagwira ntchito ya mtengo wopingasa uja. Mukaligwira palokha limapepeluka ngati katoni, ndipo n'chifukwa chake anthu amalipeputsa, kuganiza kuti ntchito yake n'kubisa khoma ndi kuletsa mabuku kugwera kumbuyo. Koma yesani kulikoka m'ngodya kuti lisinthe maonekedwe ake, muone mmene limakanira. Likakhomeredwa bwino mbali zonse zinayi, shelefu singapendekeke pokhapokha misomali itazuka kapena hadibodiyo atang'ambika. Tizitsulo tonse tonyezimira tija timangogwirizitsa matabwa kuti asatayane. Choimika shelefu mowongoka ndi thabwa lonyozekali.

Gonekani shelefuyo chafufumimba, pa mphasa kapena bulangeti kuti nkhope yake isakalike. Pa shelefu yaitali mukhale awiri. Zulani misomali yakale ndi pulayala, muchotse thabwalo, muliyang'ane m'mphepete. Ngati mabowo a misomali angokula, lingagwirenso ntchito, bola mukhome pamalo atsopano. Ngati lafufuma ndi madzi kapena lanyenyeka m'mbali, pitani nalo ku hadiweya kapena kwa akalipentala akakudulireni pulayiwudi wa mamilimita 4 kapena 6 wofanana nalo. Muuzeni wodulayo kuti ngodya zake zikhale sikweya ndithu, chifukwa shelefu idzatengera mmene thabwalo ladulidwira. Ndalama imeneyi, mwa zonse zimene mungawononge pa shelefuyi, ndi imene ine ndimaiona yopindulitsa kwambiri.

Musanakhome msomali ngakhale umodzi, wongolani shelefuyo. Apa ndi pamene pali luso lonse, ndipo chida chake ndi tepi yoyezera basi, kapena chingwe chosatamuka. Yezani kuchokera pangodya yapamwamba kumanzere kukafika pangodya yapansi kumanja. Yezaninso ngodya ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyi ikafanana, shelefu yawongoka. Pa shelefu ya masentimita 80 ndi 202, muyeso uliwonse uyenera kukhala pafupifupi masentimita 217. Wina ukatalika, kankhani ngodya za mbali yotalikayo kuti ziyandikane, pang'onopang'ono, mnzanu atagwira mbali inayo, mpaka kusiyana kusapitirire mamilimita awiri kapena atatu. Ndinaona kalipentala uja akuchita zimenezi ndi bondo, tepi ili pakamwa, akukankha n'kuyeza, akukankha n'kuyeza, katatu konse, osafulumira. Mukakhoma thabwa pa shelefu yokhota, mwaikhomerera kukhotako mpaka kalekale.

Yambani ndi msomali umodzi pangodya iliyonse, muyezenso, ndiyeno mudzaze m'mbali monse, msomali pa masentimita 10 mpaka 15 aliwonse. Ulunjike pakati pa kukhuthala kwa thabwa lapansi pake, chifukwa ukapatuka umatulukira m'kati mwa shelefu n'kuswa khungu lake. Musaiwale thabwa logona lapakati, lomwe pa mashelefu ambiri aatali ndi lomangiriridwa, losasuntha. Lembani mzere ndi pensulo pomwe ladutsa, mukhomenso pamenepo. Timasikuluwu tating'ono ta mitu yotambalala timagwira bwino kuposa misomali, koma tiboolereni kabowo kaye. Mashelefu ena thabwa lawo lakumbuyo limangolowa m'kangalande osakhomedwa. Otero amagwedera msanga, ndipo mankhwala ake n'kulimanga thabwalo ndi masikuluwu pa matabwa ogona osasunthawo.

Tizitsulo ndi mabowo odyeka

Thabwa lakumbuyo lisanabwerere pamalo pake, ndi nthawi yabwino yoyendera molumikizira monse. Mudzapeza zinthu zamitundu itatu. Pali timitengo tozungulira totchedwa dowel, kawirikawiri ta mamilimita 8, tomwe ntchito yake n'kulunjikitsa matabwa. Pali masikuluwu aatali onenepa omangidwa ndi kachitsulo kokhota ngati L, ka ngodya 6, kamene kamadziwika ndi dzina lakuti Allen key potengera kampani ya Allen ya ku Hartford, ku America, yomwe inayamba kupanga masikuluwu a mtundu umenewu cha m'ma 1910. Ndipo pali cam lock, kachitsulo kozungulira ngati ndalama yachitsulo yokhuthala, kokhala m'bowo lake m'thabwa.

Cam lock ndi kamene kamasokoneza anthu. Si sikuluwu, ndipo sikazungulira kambirimbiri. M'kati mwake muli kamlomo kokhota kamene kamakola mutu wa kachitsulo kochokera m'thabwa linalo n'kukakoka. Pokalowetsa, kamuvi kojambulidwa pamwamba pake kaloze komwe kachitsulo kanzakeko kakuchokera. Mukatero kapotokoleni kumanja, mmene imayendera mivi ya wotchi, pafupifupi theka la ulendo, mpaka kathine. Kakathina, lekani. Chitsulo chake n'chosachedwa kuthyoka, ndipo makina oboolera a magetsi amakaswa m'kuphethira kwa diso. Ngati kakungozungulira osagwira kanthu, katulutseni muone: mwina kathyoka, mwina kachitsulo kanzake kanalowa kwambiri kapena kakhwefuka m'bowo lake. Tizitsulo totere timagulitsidwa patokha, ndipo ndi bwino kupita ndi kakaleko kuti mukayerekeze.

Bowo la sikuluwu likadyeka, musalowetsemo sikuluwu yaikulu, chifukwa chipboard imang'aluka m'mphepete. Pukutani utuchi, thirani guluu woyera wa matabwa, ndipo mudzazemo timitengo ta machesi tochotsa mitu mpaka mothina. Dulani zotsalira, mudikire tsiku lathunthu. Mawa lake boolani kabowo kakang'ono pakati n'kubwezera sikuluwu ija ndi dzanja. Bowo likakhala lalikulu kwambiri, liboolereni bwino kuti mulowe dowel wopaka guluu, ndipo sikuluwu ikalowe mu dowel ameneyo. Kudikira tsiku lonse kumatopetsa pamene mabuku ali mbwee pansi, koma guluu wosauma sagwira kanthu.

Kodi n'koyenera kumata shelefu yonse ndi guluu? Guluu wa matabwa sagwira pa khungu losalala lakunja, amangogwira m'mabowo a dowel ndi m'mphepete mopanda khungu. Kumata ma dowel kumalimbitsadi, koma dziwani kuti simudzaimasulanso. Kwa munthu wa nyumba ya lendi, wosamukasamuka, ine ndimati asamate. Ndi bwino aike timabulaketi tachitsulo tooneka ngati L pansi pa thabwa lapamwamba ndi lapansi, kungodya zobisika, ndi masikuluwu aafupi osabowoleza kunja. Ndipo tsiku losamuka, shelefu yotere isakwezedwe pa lole ili chiimire. Mabampu a mumsewu amadya mabowo msanga.

Pali matenda ena amene amayenda limodzi ndi kugwedera: thabwa loikapo mabuku kupindika pakati ngati uta. Mabuku ndi olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo opanga Billy amati thabwa lake la masentimita 80 lisanyamule zoposa makilogalamu 30. Chipboard ikakhala ndi katundu nthawi yaitali imapindika pang'onopang'ono, ndipo siwongokanso yokha. Masamu ake ndi odabwitsa. Matabwa awiri okhuthala mofanana, onse odzaza mabuku, lina la masentimita 80 lina la masentimita 40, lalitalilo limapindika kuwirikiza ka 16 kuposa lalifupilo. Choncho kathabwa kamodzi koimika pakati, kutchinjiriza thabwa lapamwamba pake, kamasintha zinthu kwambiri. Njira ina n'kumangirira kamtengo ka paini m'munsi mwa thabwalo, kutalika kwake konse, kataima cham'mbali. Thabwa losuntha mukhoza kungolitembenuza, kupindikako kuloze kumwamba. Yang'ananinso tizikhomo tinayi tomwe thabwa limakhalapo. Bowo lake likakula, kachikhomo kamaweramira pansi, ndipo ndi bwino kusamutsa tonse tinayi kupita pa mabowo otsatira.

Za pansi pa nyumba sizifuna mawu ambiri. Simenti yosalazidwa ndi manja sikhala yofanana paliponse, makamaka m'mphepete mwa khoma. Imikani shelefu pamalo ake, mupeze ngodya yolendewera, muitendekere ndi kachidutswa ka pulayiwudi, ka pulasitiki kapena ka labala. Katoni ndi nyuzipepala yopinda zimaphwa pakapita masiku. Levulo ikuthandizani, koma ngati mulibe, chingwe chomangirira kamwala chikusonyezani ngati mbali zaima chilili. Mukatendekera kutsogolo mopitirira pang'ono, shelefu imatsamira kukhoma, ndipo zimenezo n'zabwino.

Chowononga kwambiri ndi madzi. Mipando imeneyi inapangidwira nyumba za makapeti ndi pansi pa matabwa, pamene kwathu kuno timakolopa m'mawa uliwonse. Mphepete yapansi ya chipboard nthawi zambiri ilibe khungu, ndipo imamwa madzi a chikolopa tsiku ndi tsiku mpaka kufufuma ngati buledi wonyowa. Ikafufuma sibwerera. Pakani vanishi kapena penti m'munsimo shelefu ikadali chigonere, ndipo muikweze pa timapazi ta pulasitiki kapena timatabwa tiwiri ta mtengo weniweni kuti madzi azidutsa pansi. Ngati m'munsi mwanyenyeka kale masentimita angapo, kalipentala akhoza kudula mbali zonse mofanana n'kuikhazika pa mpando wa paini. Koma kufufumako kukafika pa mabowo a tizitsulo tapansi, kuikonza n'kudzivuta. Sungani matabwa ogonawo, mupite nawo kwa akalipentala akakupangireni mbali zatsopano.

Kukhoma

Shelefu ikhoza kuwongoka, kuthina, kukhazikika bwino pansi, koma n'kukhalabe yoopsa. Taganizirani miyeso ija: kutalika masentimita 202, phazi masentimita 28. Mutu wake ukangoweramira kutsogolo pafupifupi masentimita 28, yapita. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amaona shelefu ngati makwerero. Amaponda thabwa lapansi, n'kugwira lachitatu kuti afikire chidole, ndipo kulemera kwake konse kumakhala kunja kwa phazi la shelefu. Mu 2016 IKEA inaitanitsa makabati a madirowa pafupifupi 29 miliyoni amene inagulitsa ku America, ana angapo atamwalira popsinjidwa ndi makabati osamangiriridwa kukhoma. Amenewo anali makabati a zovala, koma chogwetsa n'chimodzimodzi, ndipo shelefu ya mabuku ndi yaitali kuposa ambiri a iwo. Kabulaketi kapena kalamba kamene mumakapeza m'katoni si kokongoletsa. M'nyumba mmene muli ana, ngakhale ongobwera kudzacheza, nkhani imeneyi ilibe zokambirana.

Pa khoma la njerwa zootcha kapena mabuloko, ikani mabulaketi awiri pamwamba pa shelefu, pafupi ndi mbali zake. Lembani pakhoma ndi pensulo, muboole ndi makina oboolera mpaka mutadutsa pulasitala n'kulowa m'njerwa yeniyeni, mulowetse mapulagi a pulasitiki a mamilimita 6 kapena 8, ndiyeno mumange. Pulagi yogwira pulasitala yokha imazuka ndi chibuluma chake. Musaboole molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi, chifukwa mawaya a magetsi amadutsa mmenemo. Khoma la zidina siligwira pulagi. Pamenepo mmisiri akumbe pang'ono, akhazikemo kachipika ka mtengo wolimba ndi simenti, ndipo bulaketi ikamangidwe pa kachipikako. Abale athu okhala ku Britain amakumana ndi makoma a plasterboard, opanda kanthu m'kati. Iwo ayenera kugogoda mpaka apeze mtengo wa m'kati mwa khomalo, kapena kugula mapulagi opangidwira makoma otero. Ngati thabwa la m'munsi mwa khoma likuletsa shelefu kufika kukhoma, tsekani mpatawo ndi kachipika pamwamba, osaikakamiza kuti itsamire chopindika.

Wa nyumba ya lendi apite kwa eni nyumba akapemphe. Timabowo tiwiri ta mamilimita 6 timatsekeka ndi chala chimodzi cha fila tsiku lotuluka, ndipo eni nyumba ambiri akamva kuti ndi nkhani ya ana savuta.

Pobwezera mabuku, yambirani pansi. Madikishonale, Mabaibulo aakulu, mafayilo ndi mabuku a sukulu a zikuto zolimba akhale m'munsi, ndipo pa thabwa lililonse olemera akhale cha m'mbali, pafupi ndi tizikhomo, opepuka pakati. Pamwamba penipeni pasakhale wailesi, zidole kapena botolo la maswiti, chilichonse chimene mwana angachilakalake ali pansi. Pakatha mwezi, tengani Allen key ndi sikuludilaiva muyendere tizitsulo tonse kamodzi, chifukwa matabwa akalemedwa amakhazikika ndipo tina timakhwefuka pang'ono. Kachitsulo kokhota kaja kamatayika msanga. Ine ndinakamata ndi selotepi kumbuyo kwa shelefu, pamwamba pa pulayiwudi watsopano amene kalipentala uja anamukhoma ndi misomali 46.